Madzi a mumpope ndinakawapeza kwawo

Ntchito yanga ndi ya mipope. Zaka 14 tsopano ndakhala ndikukwawa pansi pa masinki a eni ake ku Matawale ndi ku Kalimbuka, kufukula mapaipi ophulika ku Chikanda, ndi kukangana ndi anthu amene amalumbira kuti mita ikuwabera pamene thanki ya chimbudzi chawo ikutaya madzi usiku wonse. Madzi onsewo amatsika m'phiri la Zomba lomwe ndimaliona m'mawa uliwonse ndikangotsegula chitseko. Koma mukanandifunsa chaka chatha kuti amayambira pati, ndikanati "ku damu la Mulunguzi," n'kuthera pomwepo, ngati mwana wa m'tauni amene amati ufa umachokera kuchigayo.

Amene anandichititsa manyazi ndi amalume. Iwowa anagwira ntchito ya m'nkhalango pamwamba pa phiri kwa zaka zambiri, kuyambira kuthirira mbande za paini ku nazale, kudulira nthambi, mpaka kulambula njira zotchinga moto. Ntchito anapuma kalekale koma miyendo yawo sinamve nawo uthengawo. Tsiku lina ndikuwakonzera mpope wa pabwalo ndinatchula zija za damu, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Damu limabala madzi? Damu ndi ndowa, iwe. Ndowa yaikulu basi. Ukufuna ndikakuonetse amene amathiramo?"

Tinapangana Loweruka lomaliza la Okutobala. Mlamu wanga, mlongo wawo wa mayi a kunyumba, amene akuphunzira ku Chanco, atamva anati nayenso apita nawo, ndipo tisadandaule za kusochera chifukwa phiri lonse ali nalo mufoni.

Amene mumakhala ku Zomba mukumudziwa Okutobala. Ikamakwana 7 koloko malata amakhala atayamba kale kuthetheka, nyenje zikusokosa m'mitengo, phiri lili mbuu ndi utsi wa moto wa m'tchire. Tinanyamuka kusanache bwino pa njinga zamoto zitatu. Msewu wokwera phiri ndi wokhotakhota, ndipo pokhota paliponse timakumana ndi anthu amene tsiku lawo linayamba kalekale. Amayi ndi mitolo ya nkhuni yotalika kuposa eni ake. Anyamata atasenza matabwa, akutsika chothamanga pang'ono, poti ndi katundu wotere kuyenda mwachifatse ndiye kumapweteka khosi. Abambo akulimbana ndi njinga zopakira nkhuni mpaka kupitirira mutu, nsapato zikukhwekhwereza pa tala kuthandizira mabuleki. Tauni yathu ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, pamene nsonga ya Malumbe imadutsa mamita 2,000, ndipo kusiyanako khungu limakumva msanga kuposa maso. Tisanafike pa hotela ya Ku Chawe ndinali nditamanga kale mabatani onse a malaya.

Chigawo choyamba sindichedwapo, ambiri mumachidziwa. Tinadutsa m'mbali mwa damu, madzi atatsika n'kusiya mkombero wa dothi lofiira kuzungulira, tinatsata Mulunguzi kudzera pa Mandala Falls, kenako pa Trout Farm, mpaka pa Williams Falls pamene madzi amatsika pa matanthwe ngati pa masitepe ndipo anthu amajambulitsapo pa Khirisimasi. Apa ndi pamene ulendo wa anthu ambiri umathera. Ifenso tinakhalapo pang'ono, mlamu najambula zithunzi zake.

Titapitirira mathithiwo kwa kanthawi, amalume anaima pamalo poti ine sindikanayang'anapo n'komwe. Kamtsinje kakang'ono, koti mwana akhoza kukalumpha, kamatuluka pansi pa zitsamba n'kudutsa njira yathu. Analoza ndi chikwanje kumene kamachokera.

"Njira yathu ndi iyi."

"Ili kuti, amalume?"

"Ukuipondayo. Madziwo."

Mlamu anatulutsa foni. Pa mapu ake panali pobiriwira pokhapokha, popanda ngakhale kamzere, ndipo netiweki inali itatsala pa Trout Farm. Anaibweza m'thumba osanena kanthu, ife tinamuchitira ulemu posafunsa.

Kuyenda m'khwawa kuli ndi malamulo ake, ndipo amalume anatipatsa titanyowa kale. Mwala wotuwa ndi wouma, ponda. Mwala wakuda wonyezimira uli ndi ndere, ndipo ndere sizisamala kuti nsapato unagula ndalama zingati. Pamene sukukhulupirira mwala, ingoponda m'madzi momwemo pamchenga, kunyowa sikupha munthu. Osalumpha usanaone potera kawiri, pamene utere ndi pamene upite ukatera. Osagwira nthambi usanaikoke, osaponda chipika usanachimenye ndi ndodo, chifukwa zambiri ndi zofumbwa, kunja kokha ndiko kumaoneka kolimba. Ine ndinavala majombo anga a kuntchito, amene ndi abwino m'ngalande koma akadzaza madzi mwendo uliwonse umalemera ngati wanyamula njerwa. Mlamu anali ndi nsapato zoyera zochitira masewera, zimene zinakhala zoyera kwa mphindi zisanu. Amalume anavala nsapato zakale zachinsalu zobooka kuchala, ndipo ndi iwo okha amene sanagwe tsiku lonse.

Chimene chinandigwira mtima choyamba ndi mmene nkhalango inasinthira. M'munda wa paini mumakhala zii. Mitengo ili m'mizere ngati asilikali a ku Cobbe Barracks, pansi pali masamba ake ouma onga singano, palibe udzu, palibe mbalame yoti uimve, kafungo ka utomoni basi. Paini amene anadzaza phiri lathu kwawo ndi ku Mexico, anabwera nawo azungu kuti azipeza matabwa. Koma titalowa m'chigwembe mtunda wosakwana bwalo la mpira, zinali ngati wina watitsekera chitseko kumbuyo. Kunada. Mitengo yachilengedwe, ina yoti anthu atatu sangaikumbatire, inakumana nthambi pamwamba pathu, dzuwa likungodontha apa ndi apo. Zilambe zonenepa ngati paipi ya mainchi awiri zikulendewera kuchokera kumwamba komwe sitimakuona. Mizu ya mikuyu itakumbatira miyala ngati zala. M'mbali mwa madzi munali zomera zija za masamba onga nthenga, zina zazitali kuposa ine, zoima pa thunthu ngati kanjedza. Chilichonse chinali chonyowa, ngakhale mpweya. Kunja kuno anthu akupsa ndi Okutobala, ife tikuona nthunzi ya mpweya wathu pamithunzi ina.

Ndinafunsa amalume kuti zinatheka bwanji kuti muno mupulumuke.

Anati zifukwa ndi zitatu ndipo palibe chimene chili chifundo cha munthu. Moto ukafika m'mphepete mwa chigwembe umapeza masamba aawisi n'kuzima. Wodzala paini sankafuna kuvutika ndi malo otsetsereka chonchi, ndiponso lamulo linkati m'mbali mwa mitsinje musasokonezedwe. Ndipo wodula mitengo amayamba waganiza za potulutsira. Mtengo ukagwera m'khwawa lakuya, kuukweza ndi ntchito yoposa mtengo wake wogulitsira. "Zimene ukuonazi ndi zotsala m'mano," anatero. "Phiri linadyedwa, izi zinakanirira."

Iwo paini samukonda, ngakhale anawaphunzitsira ana. Amati amamwa madzi chaka chonse, ngakhale m'chilimwe pamene udzu wagona, ndipo akudziwa timitsinje timene tinkayenda mpaka Novembala iwo ali mnyamata koma tinaphwa paini atakula. Ndinati ndiye kudula konseku kwathandiza? Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati phiri lometedwa mpala n'kumatenthedwa chaka ndi chaka silisunga kanthu, mvula imangotsetsereka ndi dothi lomwe kukathera mu ndowa ija. Ndinakumbukira madzi ofiira amene amatuluka m'mipope mvula yoyamba ikagwa, ndi masefa a m'mamita amene ndimachotsamo matope, ndipo sindinawatsutse.

Tinayenda chomwecho maola awiri kapena kupitirira. Sindinganene kuti tinayenda mtunda wautali, tsokonombwe anatha mtunda n'kulumpha, ifenso chimodzimodzi, mwala ndi mwala. M'maiwe ang'onoang'ono munali ambululu akuda bii, ndi nkhanu zimene zimathawira pansi pa miyala chithunzithunzi chako chikangofika pamadzi. Pa thanthwe lina amalume anationetsa ndowe zouma zodzaza ndi tizigoba ta nkhanu, nati ndi za katumbu, amadya usiku n'kusiya chizindikiro pamwala womwewo nthawi zonse. Nkulukulu tinaimva isanaoneke, kulira kwake kokhala ngati ikutsokomola, kenako inadutsa pamwamba pa khwawa mapiko ali psuu. Anchima anatiyang'ana ali m'mwamba, mmodzi nagwetsa kanthambi, kaya mwadala. Mumtima ndinayamba kudzitama. Ndinkati ndine ndani ine, wa mipope wa ku Matawale, kuponda pamene sipanapondepo munthu.

Kudzitamako kunatha pa khwekhwe. Amalume anandigwira phewa phazi lili m'mwamba. Pakati pa zitsamba ziwiri, pakanjira kopita kumadzi, panali waya wa buleki ya njinga wopindidwa bwinobwino, womangirira ku kamtengo. Wina anatchera agwape. Anaumasula, naukulunga, nauika m'thumba la ovolosi. Kuchokera pamenepo maso anga anatseguka, ndipo ndinayamba kuona zimene ndinkazidutsa. Khungwa la mtengo losendedwa mbali imodzi yokha, mwaukhondo, ntchito ya wofuna mankhwala. Chitsa chakale chomera bowa. Pamalo ena pamene chigwembe chinatambasuka panali dzenje la ocheka matabwa, mitanda yake ikadalipo, utuchi utada ndi mvula ya zaka zingapo, pambali pake mafuwa atatu ndi chitini cha dzimbiri. Ndipo paliponse timanjira topyapyala, totsika mbali iyi, kuwoloka madzi, n'kukwera mbali inayo. Ine ndinkayesa ndi ta nyama.

Pa kanjira kotero ndi pamene tinakumana ndi amayi awiri. Anali akumanga mitolo pamwamba pa thanthwe, mmodzi wachikulire, wina wa msinkhu wa mlamu, mwana ali kumbuyo. Ataona ovolosi yobiriwira ya amalume anauma, wamng'onoyo nkhwangwa n'kuikankhira ndi phazi pansi pa masamba. Amalume anawapatsa moni ali patali.

"Mwadzuka bwanji amayi? Musaope, ndife anthu wamba."

"Tadzuka bwino, kaya inu abambo. Mwasochera?"

"Ayi mayi, tikungoyenda."

"Kungoyenda?"

Anatiyang'ana m'manja. Panalibe nkhwangwa, panalibe thumba la makala, panalibe galu wosakira. Anatiyang'ana kumapazi, mathalauza atanyowa mpaka m'mawondo.

"Kungoyenda m'madzi, njira ili apo?"

Analoza ndi chibwano. Pamtunda pang'ono, mwina masitepe khumi kuchokera pamene ife timadzivutitsa ndi ndere, panali kanjira kouma kotsata khwawa lomwelo. Amalume ankakadziwa, ndinaona pakamwa pawo. Titadutsa ndinamva wamkuluyo akuuza mnzake, osati monong'ona kwenikweni, kuti, "Za anthu okhuta izi."

Mawu amenewo ndinayenda nawo tsiku lonse, ndipo mpaka pano sindinapeze powatsutsira. Mayiyo anali atavala masilipasi omangidwa ndi waya. Amakwera phirili kangapo pa sabata, kunyamuka nkhuku zisanatsike, kukatsika ndi mtolo umene ine sindingaudzutse pansi, kuti akagulitse kwa anthu ngati ine. Pakuti inenso magetsi akazima ndimaphikira makala, ndipo mitengo ya denga la nyumba yanga sinachokere ku Joni. Ndikamva anthu pa wailesi akunena za "anthu owononga chilengedwe" ngati ndi mtundu wina wochokera kutali, ndimakumbukira nkhwangwa ija ikukankhidwa ndi phazi. Sindikunena kuti kudula kulibe vuto, ndinaona ndekha mapiri ometedwa. Ndikungoti mtolo uja uli ndi mbali ziwiri, ndipo mbali inayo imathera pakhomo panga.

Chimene chinatichotsa m'maganizo ndi mlamu. Anakwera pa chipika kuti ajambule dziwe, naima pamenepo nthawi ndithu akusankha mbali yabwino. Kenako tinangomva "Mayo!" munthu akuvina gule wosadziwika. Anali ataima pakati pa mzere wa linthumbu. Amene munalumidwapo mukudziwa khalidwe lake, salumirira kuphazi, amayamba wakwera mwakachetechete mpaka malo oyenera, ndiye onse n'kuyamba pamodzi ngati wina waimba wezulo.

"Vula, iwe! Vula thalauza!" anakuwa amalume. "Kuno kulibe apongozi!"

Anavula, nadziponya m'dziwe chubwi, natulukanso nthawi yomweyo akukuwa kawiri, poti madzi ake ndi ozizira ngati a mufiriji. Ine ndinaseka mpaka kukhala pansi. Tinamuthandiza kuchotsa amene anakanirira mu sokosi, ena mutu kutsalira pansalu thupi litaduka. Popeza munthu anali atanyowa kale, tonse tinasamba pomwepo. Dziwelo linali lofika m'chifuwa, pansi pali mchenga woyera, ndipo ukamira mutu umamva ngati wamangidwa ndi lamba. Tinadya tili pa thanthwe, mbatata yophika, mtedza wokazinga ndi thobwa limene amalume analiika m'madzi titangofika. Sindikumbukira thobwa lina lokoma chotero.

Pamwamba pa dziwelo zinthu zinayamba kuvuta. Makoma a chigwembe anayandikana mpaka tinafika pa mathithi otalika ngati nyumba yosanja, madzi akutsika pa mwala wosalala, wakuda, wopanda pogwira. Panalibe kuchitira mwina koma kukwera m'mbali. Amalume anayamba, akugwira mizu, akuponda pamene aonapo okha. Ine ndinatsatira, ndipo pakati pa ulendo ndinachita chimene anandiletsa m'mawa. Ndinagwira muzu osaukoka. Unazuka wonse ndi dothi lake, ine n'kutsetsereka chafufumimba mpaka jombo linakodwa pa kamtengo. Sindinagwe patali, mwina mamita awiri, koma pansi panga panali miyala, ndipo ndinakhala pamenepo ndikumva mtima ukugunda m'makutu. Msongolo unasupuka, magazi akulowa mu jombo. Mlamu, amene ndinamuseka posachedwa, ndiye anandiponyera chingwe, ndipo sanaseke. Ndinamulemekeza nazo.

Pamwamba pa mathithi tinalowa m'minga. Mukudziwa tizipatso tachikasu tija ana amagulitsa m'timbale m'mbali mwa msewu wa ku phiri, pamodzi ndi masitiroberi? Chitsamba chake si cha kuno, chinachokera ku mapiri a ku Asia, ndipo pamene pagwa mtengo n'kulowa dzuwa chimadzaza malo onse, nthambi zake zaubweya wofiira ndi minga yokhota ngati mbedza. Amalume amatema, ife timakoka, minga imatikoka ifenso. Mtunda woti pamsewu ndi mphindi zitatu unatidyera pafupifupi ola. Kuyambira tsiku limenelo mwana akanditchulira mtengo wa kambale ka zipatsozo sindinenerera.

Titabwerera kumadzi, amalume anasiya kuyankhula. Amangoyang'ana kumwamba pa kampata ka pakati pa mitengo. Kenako tinamva kugunda, kutali, ngati wina akukunkhuniza mgolo wopanda kanthu.

"Tituluke muno."

Ndinakana. Ndinati kamtsinje kachepa kale, kasupe ali pafupi, ndipo kuno sikukugwa ngakhale dontho. Ndavulala, ndalasidwa ndi minga, ndibwerere ndisanaone chimene ndinadzera? Sanandiyankhe. Anandigwira dzanja ngati mwana n'kundionetsa m'mwamba mwa mtengo umene tinaima pansi pake. Pa mphanda ya nthambi, pamwamba poti ngakhale nditakweza mkono sindikanafikapo, panali zinyalala zouma, udzu, timitengo, ndi mwala waukulu ngati mutu wa munthu utapanikizika pamenepo.

"Unaika ndani mwala uwo?"

Anati ndi za namondwe Freddy, mu Malichi 2023. Kamtsinje kameneka, koti ndimakaponda pakati osanyowa bondo, kanafika pamenepo. Mvula sichita kugwa pamene uli iwe. Ikagwa kumtunda, madzi onse a mapiri awiri amakumana m'khwawa limodzi, ndipo m'malo opanikizika chonchi umamva phokoso lokha, ukamatembenuka afika. "Madzi saiwala khwawa," anatero, "ndipo khwawa ndi lino taimamo."

Tikukwera khoma la chigwembe, akupuma pa mtengo uliwonse, anandikumbutsa nkhani imene agogo ankatiuza tili ana ife osaisamala. Mu Disembala 1946, agogo ali mtsikana, mvula inagwa pa Zomba usana ndi usiku osalekeza, mpaka phiri linang'ambika. Miyala, mitengo ndi matope zinatsika ndi mitsinje kulowa m'tauni, imene nthawi imeneyo inali likulu la dziko, milatho n'kukokoloka, anthu n'kufa. Akuluakulu anati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri, akusamukira kunyanja. Agogo ankati chimene sanachiiwale si madzi koma kulira kwa miyala ikugundana mumdima. Ku Phalombe zinachitikanso mu 1991. Ine za chinjoka ndilibe nazo mawu, koma nditaona mwala uli pa mphanda ya mtengo ndinamvetsa chifukwa chake anthu anafuna dzina loti aitchule nalo mphamvu yotero.

Tinatulukira pamtunda, ndipo kutentha kunatilandira ngati tatsegula uvuni. Mbali imeneyi paini anadulidwa, moto n'kudutsamo, kunali zitsa zakuda ndi phulusa lokhalokha, timaudzu tatsopano tikungoyamba kusuzumira. Tinatsata m'mphepete mwa chigwembe tili pamwamba, mitengo yake ikucheperachepera, mpaka inatha. Kutsogolo kwathu kunali kadambo, kotetheka ngati mbale, kukula kwake ngati mabwalo awiri a mpira, theka lake litapsa.

"Ndi pano," anatero amalume.

Ndinayang'ana uku ndi uku. M'mutu mwanga munali kasupe wa m'zithunzi za m'mabuku a Sande sukulu, madzi akutumphuka pansi pa mwala. Apa panalibe chotero. Panali udzu, ndi dothi lakuda lonyowa limene ukaliponda limamira pang'ono n'kutulutsa madzi m'mbali mwa nsapato, ngati siponji. Tinayenda chotsika, ndipo penapake chinyezicho chinasanduka matope, matopewo n'kukhala timadzi toima m'mapondedwe a nyama, timadzito n'kuyamba kuyenda. Sindingakulozereni malo enieni amene kamtsinje kanayambira, ngakhale ndinagwada n'kufufuza. Pamene kanayamba kuoneka ngati kamtsinje, pa kamwala kamene madzi amagwerapo, ndinayeza ndi diso la ntchito yanga. Paipi ya hafu inchi, yosatsegula yonse. Botolo langa la malita awiri linatenga nthawi yoti mlamu anajambula, nafufuta, najambulanso.

Amalume anati madambo otere ndi ambiri pamwamba pa phiri, lililonse ndi kamtsinje kake, ndipo ndi amenewa amene amagwira mvula ya Januwale n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka Novembala. Tauni yonse, ndi masukulu ake, chipatala, ndende, mabaraki, ndi makasitomala anga osalipira aja, m'mwezi uno imamwa zimene zikudontha m'malo ngati ano. Ndinayang'ana mzere umene moto unalekezera. Unali masitepe ochepa kuchokera pamene ndinagwada.

Mvula inatipeza pomwepo. Sinali yambiri, madontho akuluakulu otalikirana, chizimalupsa weniweni, wongokwanira kudzutsa fungo la phulusa lonyowa. Koma kumpoto kunali kwakuda bii, ndipo palibe amene anatchulanso zobwerera kudzera m'khwawa. Tinapeza msewu wa mathirakitala a zamatabwa n'kuutsata. Pamalo ena otseguka tinaima kuyang'ana kum'mawa. Alendo amalipira kuti awaperekeze ku Queen's View, kumene anaima mayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndi ku Emperor's View kumene anaima Haile Selassie mu 1965, koma mu Okutobala kulikonse umaona chimodzimodzi, utsi. Mulanje sanaoneke n'komwe. Chilwa inkangooneka ngati mzere wotuwa, chilumba cha Chisi chikuyandama pamwamba pake. Kumeneko ndi kumene madzi otsala athu amathera, Mulunguzi kuthira mu Likangala, Likangala kuthira mu Chilwa, nyanja yopanda potulukira, imene inauma mu 1995 ndipo mu 2018 anthu anayendanso pansi pouma pamene kale ankapalasa mabwato.

Wina akafuna kuchita zimene tinachitazi, ndingomuuza kuti asapite yekha ndipo asapite ndi foni yokha. Pa Ku Chawe pamakhala anyamata operekeza alendo amene phirili analiyenda kuyambira ali ana, ndipo kunyumba azisiya atanena mbali imene walowera. Mvula ikangoyamba, za m'makwawa aiwale mpaka Meyi.

Tinatsikira njira yachidule ija yotchedwa Potato Path, imene imagwera m'tauni molunjika ngati makwerero. Kukwera phiri kumapweteka chifuwa, kutsika kumapweteka mawondo, ndipo ndi msongolo wosupuka ndinatsika ngati nkhalamba, amalume ali patsogolo akutola masuku oyamba kugwa n'kumaponya m'chipewa. Tinafika kunyumba dzuwa litalowa. Mayi a kunyumba anayang'ana mwendo wanga, nayang'ana nsapato za mlongo wawo, nafunsa funso limodzi lokha, loti tapezako chiyani.

Ndinatulutsa botolo lija n'kuliika patebulo. Mwana wanga wamkazi analiunika pa getsi, nati muli tizinthu tikuyandama. Analawa pang'ono, nati akumveka masamba. Mayi ake anati m'nyumba muno simumwedwa madzi osawiritsa, kaya achokera kwa ndani, nalitenga kupita nalo kukhitchini. M'mawa mwake ndinalipeza lili pa sinki lopanda kanthu. Anali atathirira tomato wa kuseri.